Chitseko Chimene Ndinatsekera Yotamu

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga, ngakhale wansembe. Ndikuilemba m'Chichewa chifukwa ndimo ndinaphunzirira kulemba, imvi zitayamba kale, ndiponso adzukulu anga a ku Lilongwe Chitumbuka amangochimva mwapatalipatali. Kwathu, kumtunda kwa Chilumba, anthu amadziwa kuti ndinapita ku Zambia chifukwa mpunga unakanika chaka chimenecho. Unakanikadi. Koma unakanika kwa aliyense, ndipo anzangawo sanachoke.

Maganizo ochoka anandibwerera Lamulungu lachiwiri la Adiventi. M'mawa ku tchalitchi anayatsa makandulo awiri mwa anayi aja, ndipo katekisiti analalikira za kudikira, kuti mlendo wamkulu ali m'njira, tisese m'mitima monga timasesera pabwalo. Atatha anafunsa funso la chaka ndi chaka: ndani alandire Akhristu a kumapiri? Anthu amenewa ankatsika wapansi kudzapemphera nafe pa Khirisimasi, ndipo tinkawagawana m'makomo. Ine ndinakweza dzanja msanga. "Awiri," ndinatero, "ngakhale atatu." Mpingo unawomba m'manja. Masiku amenewo ndinkakonda kuwomberedwa m'manja.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera Yotamu. Anali msuweni wanga, mwana wa amalume, ndipo tinakulira limodzi kubusa ng'ombe. Atakula analowa mpingo uja unkakana kugula khadi la chipani. Mwezi umenewo anyamata a chipani ankatentha nyumba za anthu a mpingowo ndi kuwamenya, ndipo pamsonkhano anali atalengeza kuti wobisa mmodzi wa iwo naye ndi mmodzi wa iwo.

Kunkawaza mvula. Ndinamva "Odi" kuchokera kunthochi, osati kumsewu. Nditatuluka ndinamupeza atatsamira mtengo, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka, mwendo akuukoka.

"Avyala," anatero, monga timaitanirana asuweni kwathu, "nyumba atentha. NyaGondwe ndi ana ndawathawitsira kwa alongo ake. Ine ndikupempha masiku awiri okha, mwendowu uphwe."

Kwathu mlendo sumufunsa kanthu usanamupatse mpando ndi madzi. Mwana wa zaka zisanu amadziwa zimenezo. Ine ndinaima pakhomo, manja atagwira mbali zonse ziwiri za khomolo.

"Yotamu, bwanji osangogula khadilo? Ndi kapepala chabe."

Anaseka ndi milomo yong'ambikayo. "Kakanakhala kapepala chabe, akanandimenyeranji chonchi?"

"Ine ndili ndi ana."

"Inenso, avyala."

Kumsewu kunalira belu la njinga. Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Mwina wogulitsa usipa. Ndinati, "Pita. Pita asanakuone pano." Ndipo ndinatseka chitseko. Anaima kanthawi panjapo, kenako ndinamumva akuti, "Yewo, avyala." Sanali kundinyodola ayi. Anathokoza monga munthu amathokozera potsanzika. Akanatukwana, mwina ndikanatha kukhala.

Mkazi wanga NyaMsiska anali kukhitchini, ndipo anaona zonse. Ankandiikira madzi osamba, kundipatsa chakudya, maso ali pansi. Tsiku lachitatu ndinamanga bulangeti ndi malaya awiri, ndinamuuza kuti ndikukafuna ntchito. "Nanga alendo mwalonjeza aja?" anafunsa. Ndinati awalandire yekha. Ndinadzera ku Chitipa, ndinaoloka malire, ndipo Khirisimasi inandipeza pamwamba pa lole ya makala ndikulowera ku Lusaka.

Ku Lusaka ndinapeza ntchito yosenza matumba pachigayo chachikulu. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi ku komboni, Mmalawi ndili ndekha. Ndalama ndinkatumiza ndikapeza munthu wodalirika wopita kumudzi, ndipo anthu otere sanali ambiri. Chaka china ndinatumiza nsalu ndi wailesi. Zaka zina ziwiri sindinatumize kanthu, chifukwa ndinali ndi mkazi wina wogulitsa zitumbuwa pageti. Sindibisa. Anandisiya yekha, akuti ndimakhala ngati munthu woyembekeza basi.

Makalata ndiwo ankandivuta. Sindinkadziwa kulemba, ndiye ndinkapita kwa kalaliki wa pachigayo, iye nkumalemba zimene ndikunena. Kumudzi NyaMsiska ankapita nawo kwa mphunzitsi wina wa ku Dedza kuti amuwerengere. Pakati pa awiriwo panali a positi, amene aliyense ankati amatsegula makalata ochokera kunja. Kalata yodutsa m'manja ochuluka chotero ungalembemo chiyani? "Ine ndili bwino, kaya inu. Ng'ombe ija musagulitse." Yankho linkabwera lofanana nalo: "Ife tili bwino. Mwana wanu Tiyezge wayamba sukulu. Mvula yachedwa." Funso limodzi lokha ndilo ndinkafuna kufunsa, kuti Yotamu ali moyo kapena anafera kuthengo, ndipo dzina lakelo silinalembeke.

Ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi zaka makumi anayi ndi mphambu, m'kalasi ya akuluakulu imene sisitere wina ankaphunzitsa Loweruka masana. Ndinkati ndikadziwa kulemba ndekha ndidzafunsa. Nditadziwa, ndinapeza kuti vuto silinali kalaliki uja. Ndinkagwira pensulo, kulemba Y, nkufufuta.

Kutchalitchi sindinasiye, koma Adiventi ikafika ndinkaima panja, pafupi ndi zenera. Anzanga ankati ndikuthawa kutentha. Zoona zake, nkhani ya Yosefe ndi Mariya akugogoda m'makomo sindinkatha kuimva nditakhala pansi. Mlaliki aliyense amanyoza mwini nyumba ya alendo uja. Ine ndinkamudziwa munthuyo. Ndinkadziwa kuti naye anali ndi ana, ndipo anamva china chake kumsewu.

Ndinakhala kumeneko zaka khumi ndi zitatu. Chinandibweza si kulimba mtima. Msana unatha, ndipo pachigayo anayamba kuchotsa alendo. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi ndi mapiritsi. Pa Chitipa, ndisanakwere basi, anyamata anandifunsa khadi. Ndinagula pomwepo, osatsutsa, monga ndinkachitira kale.

Ndinafika kumudzi Loweruka, mvula itayamba, anthu ali m'madimba a mpunga. Tiyezge, amene ndinamusiya akuyamwa chala, anandigwadira ali ndi mwana kumbuyo. "Monire, adada," anatero, ngati akulonjera mlendo wa boma. NyaMsiska anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mtchona wabwera," anauza anansi. "Ndiye mwaonda bwanji? Kuchigayoko ufa munkangousenza basi?" Anthu anaseka. Anandipatsa mpando ndi madzi, ndipo sanafunse china.

Mawa lake ku tchalitchi anayatsa makandulo atatu. Katekisiti anali wina, wachinyamata, koma funso linali lomwe lija, ndani alandire a kumapiri. Ndinaika manja pakati pa mawondo. Kumbali ya amayi NyaMsiska anakweza lake. "Awiri," anatero. Palibe anawomba m'manja. Ndinamva kuti amatero chaka chilichonse.

Kwathu munthu akabwera kuulendo wautali sakhazikika asanapepese maliro onse amene anachitika iye kulibe. Amayenda khomo ndi khomo, kuyamba kulira akadali panjira, ndipo eni ake amamuonetsa manda. Lolemba tinayambira kwa mayi anga ondibala, amene anamwalira m'zaka ziwiri zija ndinali chete. Tinapita kwa amalume, kwa anansi atatu. Lachiwiri m'mawa NyaMsiska anamanga mpango nkunena kuti, "Kwatsala kumodzi. Kwa asuweni anu."

Ndi mmene ndinadziwira. Yotamu sanafere kuthengo. Anathawira kutsidya kwa malire, anabwerako patapita zaka, ndipo anamwalira ndi chifuwa zaka zinayi ine ndisanabwere. Mkazi wake NyaGondwe ankakhala kumapeto kwa mudzi, m'kanyumba kamene anthu ankakalambalala, poti mpingo wawo unali woletsedwabe.

"Mwendo ukundiwawa," ndinatero.

"Ndimayesa ndi msana," anayankha NyaMsiska. "Tiyeni."

Tinadzera kanjira ka kuseri, m'chinangwa. Kulira kwa mwambo ndinakuyamba monga kufunikira, koma titafika pabwalo sindinathenso kukuleka. NyaGondwe anatuluka, wokalamba kuposa zaka zake, nkulira nafe pang'ono. Anandionetsa manda pansi pa mtengo wa mango. Dimba lake linali pafupi pomwepo, udzu wokhawokha, pamene ena onse anali atagaula kale. Kenako anandikhazika pampando wokhawo umene anali nawo, iye nkukhala pansi.

"Alamu," anatero, "ndakhala ndikudikira tsiku lino. Malemu ankati mukadzabwera ndidzakuthokozeni pamaso. Mudzi wonse uno unatitsekera, achibale enieni. Khomo limodzi lokha ndilo linatseguka, lanu. Masiku asanu ndi limodzi m'nkhokwe mwanu, mpaka mwendo unaphwa. Ndipo inu munachita kuthawa dziko chifukwa cha ife. Ana anga ndinawauza, dzina lanu asadzaliiwale."

Anawomba m'manja, mutu uli pansi. "Yewo chomene, alamu. Yewo."

Ndinatsegula pakamwa. NyaMsiska anatsokomola kamodzi, nkunena kuti mvula ikubwera, titsanzike.

Tili m'chinangwa muja ndinamugwira mkono. "Nkhokwe yake iti?"

"Yathu. Inu mutatseka, ine ndinatulukira kuseri. Ndinamupeza pachitsime atakhala, sakutha kuyenda. Masiku atatu oyambawo munali pakhomo pomwepo, mukudya mpunga wochokera pansi pa msana wake."

"Osandiuza?"

"Ndiuze ndani? Munthu woopa belu la njinga?"

Sananene mokalipa. Anali atatopa, ngati ine.

"Nanga zoti ndine ndinamubisa zachokera kuti?"

"Kwa iye mwini. Tsiku lochoka anati, 'Mlamu, kwa NyaGondwe tikanene kuti anakutumani ndi avyala. Asadzadane ana athu.' Ine ndinavomera. Ndikanati chiyani, kuti mwamuna wanga anapirikitsa mwana wa amalume ake pamvula?"

Ndinati ndibwerera pompano ndikamuuze zoona. NyaMsiska anaima, nkundiyang'ana m'maso, koyamba chibwerereni.

"Bambo a Tiyezge, mayi uja chaka chimenecho anataya nyumba, mbuzi, ndi mwana wakhanda kutsidya. Chabwino chimene anatsala nacho ndi chimodzi, choti khomo lina linatseguka. Mukufuna mukamulande chimenecho kuti inu mupepukidwe? Katundu ndi wanu. Musakamusenzetse wamasiye."

"Ndiye ndizingolandira mayewo abodza mpaka kufa?"

"Ine ndawalandira m'malo mwanu zaka zonsezi. Sindinafe."

Anatsogola, ine pambuyo. Madzulo amenewo alendo a kumapiri anali asanafike, koma iye anali atayamba kale kuzira chipinda chawo. Ndinakhala pakhonde kumuyang'ana. Zaka khumi ndi zitatu ndinkaganiza kuti ndinathawa mudzi wamantha, ine wamantha woposa onse. Sindinadziwe kuti m'nyumba mwanga momwemo munali munthu amene ankamva ulaliki wa Adiventi nkuuchita, osakweza dzanja kuti amuone. Sindinadziwenso kuti amene ndinamutsekera anandikhululukira ndisanafike ndi ku Chitipa komwe, ndipo anachita kundikonzera dzina loti ndidzalipeze pobwera. Dzinalo linali lalikulu, losandikwana, ngati jekete la malemu.

NyaGondwe sindinamuuze. Anamwalira akundithokozabe. Kaya ndinalakwa kaya ndinakhoza, ndikafunsa kumene ndikupita, poti sikutalinso. Ndalemba pano chifukwa onse atatu, Yotamu, NyaGondwe ndi NyaMsiska, anapita, ndipo adzukulu a Yotamu akamanditchula m'mapemphero awo, pakhale pepala limodzi lonena kuti dzina loyenera kutchulidwa ndi la NyaMsiska.

Lachitatu m'mawa ndinamwa mapiritsi a msana, ndinatenga khasu la mkazi wanga poti langa linali litadyedwa ndi dzimbiri. Sindinadzere m'chinangwa. Ndinadzera mumsewu waukulu, dzuwa litatuluka, kudutsa pasitolo ndi pakhomo pa wapampando wa chipani. Iye anali panja akutsuka mkamwa.

"Amtchona, khasu paphewa m'mawa uno, ulendo wa kuti?"

Ndinati, "Kwa NyaGondwe, mkazi wa Yotamu. Dimba lake silinagaulidwe."

Analavula madzi, nkundiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinapitirira. Nditafika ndinavula nsapato, ndinalowa m'matope, ndipo ndinayambira kungodya ya kumanda.