Mkanda wa Bwato Lamwano

Ntchito yanga ku Chembe ndi yosema tinthu togula alendo: timvuu, tinsomba, tomangirako makiyi. Chaka chimene mwana wa mlongo wanga anadwala katsabola anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi ake anamuletsa kusukulu ndi kunyanja komwe, ndiye ankangokhala pamphasa m'shedi mwanga, thupi lonse mbuu ndi mankhwala opaka.

Pofuna kuti aiwale kudzikanda, ndinamuuza kuti andisimbire nthano. Ndinkayesa anena zimene anamva kusukulu, koma iye anapeka yakeyake. Akuti panali mtsikana amene anali ndi bwato lolankhula. Bwatolo linali lamwano, silinkasuntha ngati sunalipatse moni. Tsiku lina nsomba ya buluu inameza kiyi wa nyumba ya mfumukazi ya pansi pa madzi, mfumukaziyo n'kumagona pakhonde. Mtsikana uja ndi bwato lake ananyamuka kukasaka kiyiyo.

"Amalume, mundisemere bwatolo," anatero. "Ndizilivala m'khosi."

Ndinatola kachidutswa ka mtengo kotsala, n'kusema bwato laling'ono ngati chala chake, ndi kakamwa kutsogolo. Nsomba ndinaidula ku beseni la buluu losweka, n'kuikwecha pamwala mpaka inasalala. Kiyi ndinapinda ndi waya wamkuwa wochokera mu injini yakufa. Chingwe ndinakapempha kwa anzanga amene ankasoka ukonde wa chilimira, ulusi wosaduka wamba.

Vuto linali lakuti nthanoyo sinkatha. M'mawa uliwonse inkamera nthambi. Lero mwalowa galu wa miyendo itatu, mawa mwabwera nkhono yodziwa njira. Chilichonse cholowa m'nthano chinkayenera kulowanso pamkanda.

"Iwe, khosi lako lithyoka," ndinamuuza. "Zikakwana zisanu ndi ziwiri basi."

"Nanga mfumukazi ikhale yopanda ndolo?"

Ndinasemanso ndolo.

Atachira, Lamulungu loyamba anavala mkanda uja mkati mwa diresi n'kupita kutchalitchi. Masana ake tinangoona mayi amene amaphunzitsa ana Sande sukulu akulowa pakhomo, nkhope ili yolemera. Mlongo wanga anawayalira mphasa n'kuteleka tiyi.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani yovutirapo," anatero atandipatsa moni. "Ndinamva kuti mwanayu anadwala. Lero ndaona chingwe m'khosi mwake, ndipo pansi pa diresi pakuoneka tinthu totukumuka. Kodi munapita naye kwa asing'anga?"

Mlongo wanga anandiyang'ana ndi diso lija limene ndalidziwa kuyambira tili ana.

"Achimwene, fotokozanitu. Zanu izi."

Ndisanatsegule pakamwa, mwini wake anali atavula kale mkandawo n'kuuyala pamiyendo ya mayi aja.

"Si chithumwa, aphunzitsi. Ili ndi bwato. Mulipatse moni kaye."

Mayiwo anayang'ana ine, anayang'ana bwato. Kenaka, motsitsa mawu, anati, "Mwaswera bwanji, abwato?"

Basi nthano inayambika. Mwana ankagwira kanthu kamodzikamodzi n'kumalongosola mbali yake. Pofika pa galu, mayi aja anali atayiwala zimene anadzera.

"Nanga mwendo winawo unapita kuti?"

"Anabwereketsa kwa nkhanu."

"Ndiye nkhanuyo inabweza?"

"Sindinafikepo pamenepo."

Mayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, tiyi n'kuzizira m'kapu. Potsanzika anapepesa kwa mlongo wanga, koma anapempha chinthu chimodzi: mkandawo uzivalidwa kunja kwa diresi, kuti aliyense aziona kuti mulibe mankhwala. Anamuuzanso mwanayo kuti Lamulungu linalo adzasimbire anzake nthano yonse akaweruka.

Anakasimbadi, ndipo amene anavutika nazo ndine. Lolemba ndikufika kushedi masana ndinapeza atsikana asanu atakhala mondondozana, aliyense ndi nthano yake. Wina ankafuna nkhuku yovala nsapato, wina mwezi wong'ambika. Ndinawauza kuti aliyense ndimusemera chimodzi chokha, ndipo asimbe kaye nthano yake mpaka kumapeto. Kwa sabata yathunthu alendo ankandipeza ndikukwecha zidutswa za beseni, ndikumvetsera nkhani za nkhuku.

Womaliza anali kamtsikana kamanyazi, kolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Nthano yake inali ya mphepo ya mwera imene inkaba zovala pachingwe chifukwa inkamva kuzizira.

"Ndiye ndikusemere chiyani?" ndinamufunsa.

"Mwera."

Ndinaganiza masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinasema kamalaya kakang'ono, manja ake atatambasukira mbali imodzi, mimba itafufuma ngati muli munthu. Mwanayo anakatembenuza m'dzanja lake, n'kusuzumira m'kati mwa kolala.

"Eya, alimo," anatero. Anaweramitsa mutu kuti ndimuveke m'khosi.