Belu la a Manson

Malemu a Manson anabwera ku Lalapanzi asanamere ndevu, kuchokera ku Ntcheu, kwina wapansi kwina pa lole. Ine ndinawadziwa atakalamba kale. Nyumba yawo inali moyang'anana ndi yanga m'komboni, pakati pathu pali mpopi womwe unasiya kalekale kutulutsa madzi.

Zaka makumi atatu anagwira ntchito imodzi pa mgodi wa kromu, kuima pakamwa pa shafuti, dzenje lolowera pansi, n'kumamvera belu. Likalira kawiri, keji yonyamula anthu itsike. Likalira kamodzi, ikwere. Likalira kakhumi, pansi pagwa ngozi. Ankanyadira kuti pa zaka zonsezo sanalolepo keji kusuntha belu lisanalire, ndipo palibe munthu anafera pa shifiti yawo.

Mgodi utatsekedwa sanabwerere kumudzi. Ankati amene akanawazindikira kumeneko onse ali kumanda. Akazi awo anawasiyanso. Anatsala okha ndi ndodo ndi chipewa cha kumgodi chong'aluka.

Mu 2007, chaka chomwe m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, mwana wawo Rosina anawatumizira foni kuchokera ku Joni. Foni inabwera, koma laini inali yosowa kuposa shuga. Anaipeza posinthanitsa ndi njinga yawo. Komboni yonse foni inali imeneyo basi.

Netiweki m'nyumba zathu simunkafika. Inkagwira pamwamba pa dampu, chulu chachikulu cha miyala yotsala ku mgodi. Ndiye m'mawa uliwonse a Manson ankakwera ndi ndodo yawo, foni ili mu sokosi yomangirira m'khosi, n'kukakhala pa chigubu mpaka dzuwa litapendeka.

“Sekuru, mwakweranso Sinai?” ndinkawanena choncho, poti kuno agogo aamuna amati Sekuru. “Mutitengereko malamulo.”

“Alipo awiri okha, Mai Gadi. Eyataimu mubwere ndi yanu. Komanso musalirire pa foni yanga, ichita dzimbiri.”

Foni ija inatidyetsa, sindinama. Mai Asiatu, mnzanga wachisilamu wogulitsa sopo ndi zovala, asanakwere kupita ku Gweru ankayamba afunsa mlongo wawo kuti sitolo iti yatsitsa ufa, kuti asangotaya ulendo. Akuba atalowa m'khola la mbuzi la Mai Lusiya, a Manson anaimbira anthu a kunjanji, mbuzi zinagwidwa zisanawoloke. Apolisi nawo anawaimbira, koma anayankha kuti galimoto ilibe mafuta, tipite tikawatenge tokha. Tinaseka mpaka misozi, chifukwa kulira kunali kutatitopetsa.

Mwana wanga woyamba, Gadi, anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ntchito kunalibe, ndiye anapita ku Gaika, ku Kwekwe, kukakumba golide m'maenje akale, mozemba boma, monga anthu aja amati makorokoza. Anapita ndi Matiyasi, mwana wa Mai Lusiya, ndi anzawo atatu. Asanuwo anali ndi foni imodzi, nthawi zambiri yopanda eyataimu. A Manson anawakhazika pansi asananyamuke.

“Kubipa n'kwaulere, foni ingolira n'kudula. Mukamalowa pansi, bipani kawiri. Mukatuluka nonse, kamodzi. Kakhumi musandibipe ayi, pokhapokha mwazi utatuluka.”

Kuyambira pamenepo tinkamva mawu awo kuchokera pa dampu. “Alowaaa!” Ine n'kugwada pomwe ndili, kaya pochapa kaya m'dimba. Anyamata ankakhala pansi masiku atatu. Tsiku lachitatu, “Atulukaaa!” Mai Lusiya n'kuimba nthungululu, ine n'kunena zikomo Ambuye, n'kudya.

Mu Novembala 2008, mvula itayamba, anabipa kawiri Lolemba. Tinayembekeza Lachinayi. Lachinayilo magetsi anazima dera lonse, netiweki n'kuzimira limodzi. Anthu ankati pa busita, chitsulo chachitali chija chobweretsa netiweki, dizilo wa jenereta watha. A Manson anakwerabe, akuzunguliza foni m'mwamba ngati akuitana nkhuku. Panalibe kanthu.

Lachisanu ndinadzuka mtima ukundiwawa ngati mwalowa munga. Ndinapemphera, osatsika. Ndalama masiku amenewo inali mapepala chabe, oyendetsa malole ankafuna chimanga. Ine ndinali ndi ndowa imodzi, yomaliza, yokwanira ulendo umodzi. Ndinaithira m'thumba, ndinamanga mpango, n'kukwera pa dampu kukatsanzika.

“Sekuru, ndikupita ku Kwekwe.”

“Belu lalira?”

“Silingalire, netiweki kulibe. Koma mtima wanga walira.”

“Mtima wa mayi umalira tsiku lililonse. Khalani pansi apa.” Anandisunthira chigubu. “Maenje a ku Gaika mukuwadziwa kuchuluka kwake? Mukaima pa liti n'kumaitana Gadi? Inu mukulowa uku, iye akutulukira uku, mwasemphana. Mwabwerako chimanga chapita, ana anu ang'ono awiri aja adya chiyani?”

“Nanga akakhala wavulala?”

“Ndiye adzatiuza kuti ali pati, mudzapita molunjika. Ine zaka makumi atatu, Mai Gadi. Anthu amafa keji ikayenda popanda belu. Wosadziwa amadikira.”

Anali kunena zoona zawo, ndipo ankandifunira zabwino. Ndinatsika, ndinamasula mpango, chimanga ndinabwezera m'ndowa.

Loweruka, palibe. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, amayi anzanga anandisanjika manja, Mai Lusiya ali pambali panga. Lolemba, palibe. A Manson ankazimitsa foni n'kuyatsa pang'onopang'ono kusunga batire, poti potchajira panalibe. Ndinkangoyang'ana kudampu, n'kumaona kamunthu kakang'ono katakweza dzanja kumwamba. Palibe chimene ndikanachita. Ndinatsuka mbale zotsuka kale.

Lachiwiri cha m'ma teni magetsi anabwera. Posakhalitsa ndinaona a Manson akutsika. Sanakuwe. Ankatsetsereka ndi matako pa miyala, ndodo ataisiya pamwamba. Atafika pakhomo panga anavula chipewa.

“Kwabwera meseji.”

“Werengani, Sekuru. Tizilembo ta mufoni sinditha.”

Milomo yawo inayenda kaye yopanda mawu. Kenako anawerenga. “Ndine Matiyasi. Gadi mwala wamugwera pamwendo. Tili kuchipatala. Hapana mushonga, mankhwala kulibe. Akuti amayi abwere lero ndi madiripu ndi mabandeji.”

“Lero? Ndiye ndinyamuke.”

“Yalembedwa Lachinayi, Mai Gadi. Inangokhala m'mwambamo.”

Ndinawerenga pa zala. Masiku asanu.

Mai Asiatu anatseka tebulo lawo osafunsa kanthu, n'kundiperekeza. Chimanga chija chinatifikitsa ku Gweru. Kumeneko anamasula marandi awo pa nsonga ya nsalu, tinazungulira mafamase anayi mpaka tinapeza madiripu awiri. Ku Kwekwe tinafika dzuwa likadalipo.

Chipinda chimene anamugoneka m'chipatalamo ndinachidziwa ndi fungo ndisanalowe. Matiyasi anali pambali pa bedi akuingitsa ntchentche ndi katoni, matope a kumgodi akadali m'tsitsi.

“Mama, ndinalemba. Ndinapempha eyataimu kwa munthu n'kulemba. Tsiku lililonse ndabipa kakhumi, sikumalowa. Ndikanabwera ndekha, koma ndani akanamumwetsa madzi? Anzathu aja anathawa apolisi.”

Ndinavundukula bulangete. Mwendo unali wakuda mpaka m'chiuno. Gadi anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Amayi, munali kuti?”

“Ndinali kunyumba, mwanangu.”

“Kuchita chiyani?”

“Kudikira.”

Namwino anali mmodzi yekha chipinda chonse, mtsikana wowonda, nsapato zake zong'ambika. Anamuika diripu, koma anandikokera pakhonde n'kundiuza mosabisa kuti chovunda chalowa kale m'magazi. Ndinamufunsa kuti ndikanabwera Lachisanu bwanji. Anayang'ana pansi. “Mwina mwendo wokha, mama.”

Ndinagwada pa simenti pomwepo. Ndinauza Mulungu kuti tengani mwendo, tengani yonse iwiri, ndidzamubereka kumsana ngati kale. Lachinayi m'mawa, ndikumupukuta nkhope, Gadi anapita.

Tinamuika ku Lalapanzi. Bokosi linali la matabwa a wadiropu yanga. A Manson anakhala kumbuyo kwa anthu onse, sanaimbe, sanadye. Anthu atabalalika anabwera pakhomo, chipewa m'manja.

“Mai Gadi, ndine ndinakuimitsani.”

“Inde, ndinu.”

Sindinawanamize. Anaima pamenepo, ine ndili pa mkeka. Patapita nthawi ndinawatungira madzi, anamwa, anapita. Abusa amati ndikhululuke, ndipo ndimafuna. Koma ndimawafunsa kuti ndiyambire pati. Pa a Manson, amene anandiuza chimene chinasunga anthu zaka makumi atatu? Pa dizilo? Pa njala imene inatumiza mwana wanga kudzenje? Kapena pa miyendo yangayi, imene inakwera dampu kukapempha chilolezo m'malo molunjika kumsewu? Abusa amangoti tipemphere, ndipo timapemphera.

Sabata ziwiri a Manson sanakwere. Foni inali pansi pa pilo. Mai Asiatu anapita ku Gweru mwa chimbulimbuli, n'kubwerako chimanjamanja. Kenako Matiyasi anabwerera ku Gaika, chifukwa kwawo ana anali atagona masiku awiri osadya. Mai Lusiya anapita kukagwada pakhomo pa a Manson.

“Sekuru, wanga akadali moyo. Ndidziwa bwanji?”

Ine ndinali pa mpopi wouma uja, ndikumva zonse. A Manson anandiyang'ana. Ndinati, “Kwerani, Sekuru. Foni ina kulibe.”

Anakwera, pang'onopang'ono, akupuma katatu panjira. Tsiku lomwelo tinamva “Alowa,” mawu ake otsika. Mai Lusiya anabwera kudzakhala nane masiku atatu onsewo. Anandifunsa kuti netiweki ikazimanso achite chiyani. Ndinati apite. Anati alibe chimanga.

Tsiku lachitatu masana ndinali kuchapa malaya a Gadi kuti mng'ono wake azivala. Pa dampu foni inalira kamodzi. A Manson anaimirira, anaika manja kukamwa monga mwa masiku onse.

“Atulukaaa!”

Mai Lusiya anayamba nthungululu, n'kuidula pakati atandiona. Ndinati, “Malizani, mnzanga, ndi mwana wanu.” Anamaliza. Ine ndinafinya malaya aja n'kukayanika pa waya.