Tadala wagwada chifukwa cha kachewere wa aphunzitsi

Mwaswera bwanji nonse. Ndangofika kumene kuchokera kusukulu kwa mwana wanga Tadala, aphunzitsi anandiitanitsa m'mawa.

Aphunzitsi ake a masamu akhala akutuma ana kukakumba kachewere kudimba kwawo nthawi ya kalasi. Dzulo Tadala anawapempha mwaulemu kuti ayambe aphunzira kaye, poti mayeso a Sitandade 8 ayandikira. Basi, lero akuti mwana wanga ndi wamwano.

Mu ofesi amuuza kuti agwade, apepese. Iye wandiyang'ana, kudikira kuti ndimuikire kumbuyo. Ine poopa kuti azimusala m'kalasi, ndangoti, "Pepesa, mwananga." Wagwada pa simenti yozizira ija, zala zili zong'ambikang'ambika ndi dothi la m'dimba la eni.

Pobwerera sanalire. Wangondifunsa kuti, "Amayi, si inu mumati mwana wofuna kukhoza asamaope kulankhula ndi aphunzitsi?"

Achimwene, inu mwaphunzitsapo zaka zambiri, tandiuzeni. Ndimusamutsire kwa azakhali ake ku Linthipe, kapena ndimuuze azingokumba osayankha mpaka alembe mayeso? Chifukwa amuuza kuti mawa abwere ndi khasu.