Mlendo wa Atate pa Wailesi Yanga

Chaka chimene ndinalandira laisensi yolankhula pa wailesi, ndinasanduka mwana. Munthu wa imvi, wa ana anayi, ndinkazungulira m'komboni yathu yonse ya Chowa pepalalo lili m'thumba la shati, n'kumalionetsa ngakhale kwa mayi wogulitsa tomato amene sanandifunse kanthu. Wailesi yake si yomvera nyimbo ayi. Ndi ija yoti umaitana mumlengalenga, ndipo wina amene ali ndi yangati yomweyo, kaya akhale kutsidya kwa nyanja, amakuyankha.

Vuto linali lakuti ine palibe ankandiyankha. Waya wokoka mawu mumlengalenga ndinaumanga kuchoka pamtengo wa mango kukafika pansungwi yaitali kuseri kwa bafa. Mkazi wanga anauyeza ndi maso, nati ndikautsitsako pang'ono ungayambe kugwira ntchito yeniyeni, yoyanikapo zovala. Masabata asanu ndinaitana mpaka kusasa mawu, wailesi ikungolira ngati mafuta m'poto.

Kenako atate anabwera kuchokera ku Petauke kudzaonetsa makutu kuchipatala. Iwo anakalambira pantchito ya njanji muno m'Kabwe, ndipo makina osatulutsa utsi sankawakhulupirira. Adokotala sanatibisire: khutu limodzi linatha kale, linalo linali m'njira. Lolemba lotsatira atate ankayenera kubwerera kumudzi. Ndinkafuna ndi mtima wonse kuti amve mawu a munthu wakutali akutuluka m'wailesi ya mwana wawo khutulo lisanatseke.

Lamlungu titachoka ku Misa tinapeza magetsi atazima, ndiye ndinalumikiza wailesi ku batire ya galimoto. Atate anakoka mpando, khutu labwinolo ataliloza ku sipika.

"Manje iwe, ukamba na ndani?" anandifunsa.

"Aliyense amene azayankha, atate."

"Kufuntha kumayamba so."

Ndinaitana, ndinaitananso. Atate anayamba kuodzera. Mwadzidzidzi mafuta aja analeka kulira, ndipo panamveka mawu a bambo wina, akubwereza nambala yanga ya pa laisensi, akuti ali ku Kenya. Nambala yanga, pakamwa pa munthu wa ku Kenya! Ndinakuwa mpaka mkazi wanga anathamangira m'nyumba thovu lili m'manja. Pensulo inagwa pansi, ine kuseka osadziwa chimene ndikuseka.

Mwambo wa zimenezi ndi wachidule. Mumapatsana manambala, kuuzana mmene mukumvanirana, n'kulemba m'buku, chifukwa mawu a mumlengalenga sachedwa kuthawa. Nambala yake sindinaimve bwino, choncho ndinatsegula pakamwa kuti ndimupemphe abwereze.

Atate anandilanda maikolofoni.

"Ninakulera ine iwe? Mlendo wafika pa nyumba, uyamba kumufunsa nambala monga kapokola wa ku polisi?"

Anakonza kolala, anadina batani, n'kutulutsa Chingelezi chawo cha ku njanji chimene ndinali nditachiiwala. Anamufunsa mmene wadzukira. Anafunsa za amayi a kunyumba. Anafunsa za ana, za mvula, ngati chimanga chamera. Bambo uja, akuseka mokoma, ankayankha chimodzichimodzi, mpaka anaulula kuti amayi ake akuvutika ndi bondo. Atate anapepesa motalika ngati bondolo analithyola ndi iwo. Ine pambali ndinkangopondaponda.

"Atate, nambala! Mufunseni nambala!"

Anandikankha ndi chigongono. Mawu aja anayamba kuchepa, kuchepa, mpaka mafuta anabwerera m'poto.

Popanda nambala, kulankhulana koteroko sikuwerengedwa. Masabata asanu anapita ndi moni. Ndinapsa mtima, sindibisa, koma nditacheuka ndinapeza nkhalamba ikumwetulira nkhama zonse poyera, chala chili pakhutu.

"Namumvera bwino bwino," anatero. "Lemba."

"Nilembe chani, atate?"

"Lemba kuti kwao kuli bwino, mvula yagwa, koma amai bake bavutika na bondo."

Ndinalemba momwemo, pamzere woyamba wa buku latsopano, malo a nambala ali pululu. Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo za zovala sanazitchulenso.

Lero bukulo ladzaza manambala a m'mayiko ambiri, olembedwa mwadongosolo. Khutu la atate linatseka chaka chomwecho chisanathe. Ndikapita ku Petauke timacheza ndi pepala ndi pensulo, ndipo tisanafike patali amandifunsa mokuwa, monga amachitira anthu osamva:

"Nanga bondo ya amai baja?"

Nambala yoti ndikafunsire ndilibe. Ndimangolemba kuti ndikuitanabe.