Liwu lomwe limanyamula Rocco Woyera

A Concezio, amalume anga, anali osula zitsulo m'mudzi mwathu kumapiri a Abruzzo, koma anthu amawadziwira liwu limodzi. Pa chikondwerero cha Rocco Woyera, amuna akamanyamula chiboliboli chake pakhomo la tchalitchi, iwo ndiwo ankalamula kuti, "Al-za-te!", ndiko kuti nyamulani. Pa phatikizo loyamba amunawo amawerama. Pa lapakati, lomwe amalume ankalikoka moligogomeza, amadzuka onse pamodzi. Pa lomaliza amakhazika mapewa.

Mu Januwale amalume anadwala sitiroko. Miyendo inachira, koma mawu anathawa.

Pokonzekera chikondwerero, mnzawo wa paubwana, a Gaspare, anayesa kulamula. Liwulo anangolilavula ngati mbatata yotentha. Akutsogolo anadzuka akumbuyo akadali chiweramire, Woyerayo n'kupendekeka. Bambo mfumu atawona izi anati ngati a Concezio sayankhula pofika Ogasiti, mwezi wa chikondwererocho, chibolibolicho chidzayenda pa lole.

Akazi a amalume, mayi Splendora, anakana kumva za lole. Kuchipatala anawasonyeza kagogodedwe: kugwira dzanja lamanzere la wodwala n'kumaligunditsa pa tebulo, kamodzi pa phatikizo lililonse, mwamphamvu pomwe liwu limalemera. Ankasankha aneni okhaokha, poti moyo wonse amuna awo ankakonda kulamula.

"Par-la-te. Yankhulani, bambo inu! Munandigonthetsa m'kutu zaka zonsezi, lero mukufuna kunamizira kufatsa?"

Amalume ankangowatong'olera maso. Koma pofika Julayi, timawu tinayamba kutuluka, todukaduka.

Tsiku la chikondwerero lole inaima pambali pa tchalitchi, injini ikulira. Amalume anaima patsogolo, dzanja lawo lili m'dzanja la akazi awo.

"Al..."

Amuna anawerama. Kenako zii. Phatikizo lapakati lija osabwera.

"Iwe Concezio," a Gaspare anafuula ali pansi pa mtanda wonyamulira, "msana ukuthyoka kuno! Ukudikira kuti Woyerayu atsike ayende yekha?"

Anthu anaseka. Mayi Splendora anagunditsa dzanja lija pa ntchafu ya amuna awo.

"ZAAA!"

Rocco Woyera anakwera m'mwamba, chilili. Phatikizo lomaliza silinatuluke, ndipo amunawo analimaliza okha: "Te!" Woyendetsa lole anazimitsa injini.

Masiku ano ndikadutsa pa windo la khitchini yawo ndimamva tebulo likugogoda. Mayi Splendora akuti chaka chamawa sadzalola kuti Gaspare awamalizire liwu amuna awo.