Nkhope Yoyenda Patsogolo pa Bokosi

Ndinayamba kuganiza za chithunzi changa pa maliro a mnzanga amene tinkathyola naye fodya ku esiteti. Masiku ano maliro sayenda opanda chithunzi. Mdzukulu amachinyamula patsogolo pa bokosi kuti anthu aone amene akumulira. Mnzangayu sanasiye chithunzi chilichonse, ndiye ana ake anakulitsa cha pa chiphaso cha unzika. Munthu anali wansangala, woimba kwaya, koma anapita kumanda atatong'ola maso ngati wakuba mbuzi amene wangogwidwa kumene. Amayi ena ankabisa kukamwa m'zitenje, ndipo si onse amene ankalira.

Nditafika kunyumba ndinayang'ana cha pa chiphaso changa. Chinali choipa kuposa chake.

Tsiku la msika ndinavala jekete la kutchalitchi n'kukwera kabaza kuchoka kwathu kwa Zulu mpaka pa Kamwendo, osawauza akazi anga. Pamalo ojambulira zithunzi ndinapeza mtsikana ali pa kompyuta. Khoma lonse linali nkhope za achinyamata, zosalala ngati mazira. Wa imvi panalibe ndi mmodzi yemwe.

"Agogo, mwasochera? Chigayo ndi uko."

"Ndabwera kudzajambulitsa, mwanawe. Cha pamaliro."

"Pepani. Atisiya ndani?"

"Ine. Koma sindinanyamuke."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anandikhazika pampando, n'kundiuza kuti ndikweze chibwano, nditseke pakamwa poti mano atsala ochepa, kenako ndikadikire panja. Ine sukulu ndinaiyamba ndili ndi ana kale, ya kwacha, ndipo anthu a makina ndimawaopa. Akati dikirani, ndimadikira.

Atandipatsa chithunzicho chili m'felemu, ndinaganiza kuti wasokoneza ndi cha wina. Tsitsi lakuda bii. Makwinya onse atachoka. Chipsera cha patsaya, chimene ndinachipeza nditagwa ndi njinga m'njira zachidule za m'malire, sichinalipo. Kumbuyo kwanga kunali nyumba yosanja ndi galimoto yofiira.

"Timachitira aliyense, agogo," anatero mtsikanayo. "Munthu safuna kudziona mmene alili."

Ine ndinachikonda. Pobwerera ndinkachisuzumira m'pepala mpaka wakabaza anandikalipira kuti ndikumugwedezera njinga.

Akazi anga ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndani?"

"Ndine, amayi."

"Musandiyese mwana, bambo. Mphuno ndi yanu, makutu ndi anu. Ndi mwana wanu uja wa ku Chipata, eti? Wakula. Wagula ndi galimoto yomwe."

Pali zaka zimene ndinakhala kutsidya kwa malire, m'mafamu a fodya, osabwera kunyumba ngakhale pa Khirisimasi. Za zaka zimenezo m'nyumba mwathu sitikambirana, ndipo pano sindilemba. Koma akazi anga akhala akudikira tsiku limene munthu wa nkhope yanga adzagogoda pakhomo. Ine ndinachita kumubweretsa ndekha, atakhala m'felemu.

Ndinalumbira. Ndinawaonetsa pachithunzipo batani la jekete, losiyana ndi anzake, limene anasoka okha. Iwo anati ndiye kuti ndinamubwereka ndi jekete lomwe. Anaitana mlongo wanga wa nyumba yoyandikana nafe. Ameneyo anafinya maso, nati, "Achimwene, mwana ndi mwana, alibe mlandu. Mubweretseni timuone."

Pamenepo nthabwala zinandithera. Ngati wobadwa naye bere limodzi sakundidziwa, ndiye kuti tsiku langalo anthu adzalira mnyamata wa galimoto yofiira, ine n'kulowa m'manda ngati mlendo.

Tsiku la msika lotsatira tinapita tonse, makabaza awiri, iwo patsogolo. Analowa osaodira.

"Mwanawe, munthu uyu unamutenga kuti?"

Mtsikanayo anandiloza. Akazi anga anapukusa mutu. Ndiye anawakhazika pafupi ndi kompyuta n'kuyamba kubweza zimene anachotsa, chimodzichimodzi. Mnyamata uja anayamba kukalamba tikuona. Akazi anga anasendeza mpando.

"Galimoto ichoke. Alibe ndi wilibala yomwe."

Inachoka.

"Imvi zonse. Chipsera chija. Bweza ndi khwinya ilo la pakati pa maso, limenelo ndinalipanga ndine."

"Agogo, chimenechi palibe angachipachike pakhoma," anadandaula mtsikanayo. "Anthu aziti sindidziwa ntchito."

"Si cha pakhoma. Pamaliro sipabwera ofunsira."

Ine ndinali nditaima kumbuyo. Pa galasi la kompyuta panatsala nkhalamba ya khosi lowonda m'jekete lalikulu, maso ake ngati ikufuna kupempha kanthu koma yaiwala kuti n'chiyani. Kwathu kalilole ndi kachidutswa kometera ndevu, ndiye nkhope yonse pamodzi ndinali ndisanaione kwa zaka zambiri. Ndinawerama n'kunong'oneza mtsikanayo kuti asiyeko tsitsi lakuda pang'ono kumbali kuno.

"Ndamva," anatero akazi anga osacheuka.

Chithunzi cha nkhalambacho chili m'sutikesi, pansi pa yunifolomu yawo ya kutchalitchi. Iwo anauza ana onse kuti patsogolo pa bokosi padzayenda chimenecho, wina akadzatulutsa china adzaona. Cha mnyamata chija sanataye. Anachiimika pamwamba pa kabati m'chipinda chochezera. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Nkhalamba inuyo ndilibe nanu mawu, mwatha kale. Amene ndili naye mawu ndi uyu."

M'mawa akamasesa m'nyumba ndimawamva akumuuza mnyamatayo za zaka zija za kutsidya. Masiku ena n'zachidule, masiku ena tiyi amazizira. Ine ndimakhala pakhonde, chipewa pabondo, kumvetsera mpaka amalize.