Manambala a pa Mafupa a Mbalame

Atate ankasunga mafupa m'nyumba. Ndiyambire pamenepa chifukwa ku Nkana East anthu ankatidziwa ndi zimenezi, ndipo ena a kumpingo ankanong'onezana kuti mkulu wa mpingo wanji wogona ndi mafupa kunsi kwa bedi. Bodza lenileni! Mafupawo ankakhala m'kabati ya pabalaza, m'mabokosi a machesi ndi m'tizitini ta fodya, lililonse pakathonje kake. Sanalinso a munthu. Anali a mbalame zimene zinatha kalekale, padziko pasanakhale munthu, ndipo anali atasanduka mwala.

Atate anali kalaliki mu ofesi ya akatswiri a miyala pa mgodi ku Kitwe. Ntchito yawo inali kulemba manambala pa miyala yochokera pansi ndi kusunga makadi ake. Mzungu wina wa mu ofesimo anabwera ndi mafupawo kuchokera kumpoto kwa Afirika, kumene anayamba wagwirako ntchito m'migodi ya miyala ya feteleza. Pobwerera kwawo katundu anamuchulukira, ndiye anawasiyira atate. Pa fupa lililonse panali kadontho ka penti yoyera, pa kadonthopo nambala ya inki, ndipo nambalayo inali ndi khadi lake lonena dzenje limene fupalo linatuluka ndi kuya kwake. Nthawi imeneyo ine n'kuti ndisanayambe n'sukulu yomwe.

Ndinakula ndikumva za mbalamezi mpaka makutu kuwawa. Akuti zinali za panyanja yamchere, mapiko aatali kuposa chitseko, ndipo m'mphepete mwa mlomo munali timinga ta fupa tokhala ngati mano a sowo. Anthu ophunzira ankakangana za banja lake: ena amati ndi abale a vuwo, ena amati ayi, ndi abale a bakha. Atate anali ndi mfundo yawoyawo. Ankati mafupa a m'dzenje lakuya ndi a m'dzenje losaya si a mtundu umodzi monga ankaganizira mzungu uja, koma mitundu iwiri ya banja limodzi. Umboni wawo unali kamzera kolowa kunsonga ya fupa la mwendo. Ankandiitana kuti ndione, ine n'kumangovomera kuti ndaona, chikhalirecho maso ali kunja.

Kenako zinthu zinayamba kugwa. Migodi inali yoti igulitsidwe, ndipo poyembekeza ogula anthu ankachotsedwa ntchito m'magulumagulu. Ine ndinali wotayipa pa fakitale ina ku Ndola. Itatsekedwa ndinayesa kugulitsa zovala zakaunjika pamsika wa Masala, koma ogulitsa tinachuluka kuposa ogula, ndipo ndinabwerera kwa makolo ku Kitwe, munthu wamkulu ndithu, chikwama chimodzi m'manja. Atate nawo kalata yowachotsa ntchito inawapeza. Magetsi a mumsewu wathu anazima osayakanso, ndipo pa kapinga pamene kale tinkaletsedwa ngakhale kupondapo, anthu anadzalapo chimanga. Anzawo a atate ena anabwerera kumudzi, ena anangodzipereka ku mowa, ambiri tinawaika m'manda.

Atate anatsala ndi mafupa aja basi. Tsiku lililonse eyiti koloko ankakhala patebulo ngati ali ku ofesi, kuyeza, kujambula, kulemba. Makalata opita kunja ndinkawatayipira ndine, ndipo ndisaname, ndinkatayipa ndi mkwiyo. M'nyumba mulibe shuga, munthu ali kalikiliki ndi abale a bakha! Mayankho sankabwera. Koma tsiku lina inabwera kalata yochokera kwa mayi wina wophunzitsa pa yunivesite ya kunja, wodziwa za mbalame zakalezi. Anati ali ndi ulendo wodutsa ku Ndola, ndipo Loweruka lakutilakuti teni koloko adzafika kwathu kudzaona mafupawo ndi maso ake. Ngati atate akunena zoona, adzalemba nawo limodzi. Ndinali ndisanawaonepo atate akuvina, koma tsiku limenelo anazungulira tebulo kawiri kalata ili m'mwamba.

Lachisanu lake kunagwa maliro ku Chifubu, a mnzawo wakale wa mu ofesi, ndipo atate monga mkulu wa mpingo anakwera minibasi m'mawa kukayendetsa mwambo. Tinatsala awiri, ine ndi amayi. Tsono kwathu mlendo akamabwera, nyumba imatembenuzidwa yonse. Makatani amachapidwa, pansi pamapakidwa polishi, mbale za m'kabati zosagwiritsidwa ntchito n'komwe zimatsukidwanso. Amayi anali a chigwirizano cha amayi kumpingo, ndipo kwa iwo fumbi linali pafupifupi tchimo.

Atatsegula kabati ya mafupa anabwerera m'mbuyo.

"Mayo ine! Taona zitosi za mphemvuzi. Mlendo wochokera kutali adzaone zimenezi? Adzati m'nyumba muno mulibe akazi."

Sananame. Mabokosi anali atafumbwa, thonje lili bii, penti ya pa mafupa itasanduka yachikasu ngati chuku.

"Zisiyeni amayi, ndikonza ine," ndinatero.

Ndinatenga beseni, madzi ofunda, sopo ndi burashi yakale yotsukira mano. Manambala aja ndinawaona, ndisadzikhululukire ayi. Ndinawaona bwinobwino. Koma ine ndi wotayipa, ndipo kwa wotayipa chinthu chikalembedwa papepala ndiye kuti chasungika. Ndinati zonse zili pa makadi, tizilembo tonyansa ta pamafupati n'tachiyaninso. Ndinakwecha mpaka penti yonse inachoka. Mafupa awiri anaphwanyikira m'manja mwanga, chifukwa anali opyapyala ngati chikamba cha dzira, ndipo zidutswazo ndinazitaya pamodzi ndi madzi. Mabokosi, amenenso anali ndi manambala, amayi anawatentha pamodzi ndi tizitini ndi zinyalala kuseri. Kenako ndinayala nsalu yoyera yopeta maluwa pa thileyi yathu ya alendo, n'kundanda mafupawo kuyambira lalikulu mpaka laling'ono. Ankaoneka bwino, abale. Ndinanyadira ndithu.

Atate anafika cha m'ma faifi, nsapato zili fumbi lokhalokha la kumanda. Ndinawalonjera, n'kuwakokera patebulo kuti aone. Anaima. Anatola fupa limodzi, kulitembenuza, kulibweza. Anatola lina. Anatola lachitatu n'kupita nalo pawindo.

"Mwana wanga, manambala ali kuti?"

"Ali pa makadi, atate. Simunawalembe nokha?"

"Khadi likuti nambala seveni inatuluka m'dzenje lakuya. Tandionetsa nambala seveni pamenepa."

Ndinayang'ana pa thileyi paja. Onse anali mbee, ofanana ngati mafupa a nkhuku pambuyo pa ukwati. Apo m'pamene zinandilowa. Koma ine ndi mtima wangawu, m'malo mogwada ndinakweza mawu. Ndinati akanatiuza, ndinati ife tagwira ntchito tsiku lonse, ndinati zaka zonsezi mafupawa atipatsa chiyani. Amayi anandigwira mkono kuti ndikhale chete. Atate anangofunsa ngati mabokosi alipo, ndipo atamva kuti atenthedwa anakhala pansi.

Mlendo anafika pa nthawi yake, mayi wamfupi wa tsitsi la imvi, nsapato zachimuna. Tiyi anamwa mothamanga. Ataona mafupa maso ake anawala, ndipo anatulutsa kagalasi n'kuwerama nthawi yaitali. Anati n'zoona, ndi a banja lija la mbalame za mlomo wa minga, ndipo kamzera kamene atate ankanena akukaona pa mafupa ena, pa ena palibe. Atate anaweramira kutsogolo. Kenako mayiyo anafunsa kuti okhala ndi kamzerawo anatuluka m'dzenje liti.

Atate anamupatsa makadi. Iye anayang'ana makadi, anayang'ana mafupa, anawatembenuza limodzilimodzi kufuna manambala.

"Anafufutika dzulo," anatero atate m'Chingerezi. "Koma ndikukumbuka ambiri."

Mayiyo anali munthu wabwino, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa cha ubwino wakewo. Anafotokoza mofatsa kuti kusiyana kotere kukhoza kukhala kwa yaimuna ndi yaikazi, kapena yaing'ono ndi yokhwima. Chimene chikanasonyeza kuti ndi mitundu iwiri n'chakuti ena anakhalako kale kwambiri kuposa anzawo, ndipo zimenezo zimadziwika ndi kuya kwa dzenje. Popanda nambala pa fupa, akatswiri anzake sangavomere zongokumbukira. Anafunsa kuti zinachitika bwanji. Ine ndinali chilili pakhomo la kukhitchini, mbale ya masikono m'manja.

"Chinyezi," anatero atate. "Nyumba zakalezi."

Mkulu wa mpingo, munthu woti sindinamumvepo akunama chibadwire, ananama pamaso pa mlendo chifukwa cha ine. Bola akanandimenya mbama.

Mlendo anapita isanakwane wani koloko. Anatumiza khadi lothokoza, ndipo sitinamvenso za iye. Mgodi unagulitsidwa, eni atsopano anabwera ndi anthu awo ndi makompyuta awo, ndipo palibe anaitana atate. Ine ndinapepesa patapita sabata yathunthu, mochedwa choncho chifukwa cha kuuma mutu. Anangoti, "Unkafuna kundilemekeza, ndikudziwa," n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti anayambiranso. Anagula kabotolo ka penti yoyera yofufutira zolakwa potayipa, anadontheza pa fupa lililonse, n'kumakhala patebulo ndi makadi kuyesa kukumbukira. Ankatenga fupa, kutsinzina, kulisisita ndi chala, kenako n'kulemba nambala. Miyezi inapita choncho. Amayi ankati asiye, bola ali ndi chochita.

Tsiku lina atapita kuchipatala kukayezetsa maso, ndinatsegula kabati kuti ndione pamene afika. Sindinakhudze kanthu ndi madzi, ndinangoyang'ana. Mafupa onse anali ndi manambala tsopano, olembedwa bwino ndi dzanja lawo la ukalaliki. Ndinayamba kuwerenga, mtima ukupepukako pang'ono. Ndinapeza nambala thwelofu pa fupa la mwendo. Ndinapezanso thwelofu pa la phiko. Pansi pake, pa kachidutswa ka mlomo, panali thwelofu wachitatu.

Atabwera anandipeza pabalaza, ndipo anandiuza mosangalala kuti atsala pang'ono kumaliza, ndikonzekere kutayipa kalata ina yopita kwa mayi uja. Ndinavomera. Ndinaitayipa mawa lake, popanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo anaisayina.